Makhadi awiri a netiweki opita ku seva yosungira data: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amabwera kwa aliyense amene ali ndi seva yosungira data, kaya ndi SAN yaikulu (makina opereka ma disiki kwa ma seva ena kudzera pa netiweki) ya ma controller awiri, omwe ndi ubongo wa makinawo, kapena NAS (kabokosi kosungira mafayilo pa netiweki) ya ma disiki anayi, yemwe akufuna kuti chingwe chikaduka kapena switch ikazima, ma seva odalira data imeneyo apitirize ntchito. Zambiri zikhudza iSCSI, njira yofikira disiki yathunthu kudzera pa netiweki, chifukwa ndiko kumene anthu amapunthwa kwambiri, koma SMB ndi NFS, njira zogawana mafayilo pa netiweki, tizifikanso.

Seva yanga ili ndi ma port awiri. Ndikalowetsa zingwe ziwiri ndiye kuti ndamaliza?

Ayi, mwangoyamba kumene. Tengani pepala mujambule njira imene paketi imadutsa kuchoka pa seva yanu mpaka pa disiki: khadi la netiweki, chingwe, switch, chingwe china, port ya pa seva yosungira data, kenako controller yake. Mukatero jambulani njira yachiwiri. Paliponse pamene mizere iwiriyo yakumana, dziwani kuti pamenepo mukadali ndi njira imodzi yokha.

Malo ena okumanirana saoneka msanga. Khadi limodzi la ma port awiri likadali khadi limodzi: lakhala pa slot imodzi ya PCIe, lili ndi chip imodzi ndi firmware imodzi, ndipo likafa ma port onse amafera limodzi. N'chifukwa chake ndi bwino kutenga port imodzi pa khadi ili, ina pa khadi linalo. Zingwe ziwiri zolowa mu switch imodzi zimakutetezani chingwe chikaduka, koma sizikuthandizani tsiku limene switchyo ikulandira firmware yatsopano n'kuyambiranso. Nawo ma switch awiri otenga magetsi pa PDU (chogawira magetsi) imodzi amazimira limodzi.

Bonding, teaming, LACP, MPIO: ndisankhe chiti?

Pa mayina anayiwa pali njira ziwiri zokha. Bonding ya pa Linux ndi teaming ya pa Windows zimamanga makhadi awiri kuti aoneke ngati khadi limodzi lokhala ndi adiresi imodzi ya IP. Mapulogalamu sadziwa n'komwe kuti pansi pali zingwe ziwiri. LACP ndi mtundu umodzi wa kumanga kumeneku. IEEE inaukhazikitsa mu 2000 pa dzina la 802.3ad, n'kudzausamutsira ku 802.1AX mu 2008. Apa seva ndi switch zimagwirizana kuti ma port awa ndi gulu limodzi.

Multipath, yomwe pa Windows imatchedwa MPIO ndipo pa Linux imayang'aniridwa ndi multipathd, siimanga makhadi. Khadi lililonse limakhala palokha ndi adiresi yake, n'kutsegula session (kulumikizana) yakeyake ya iSCSI kupita ku port 3260 ya seva yosungira data. Kuphatikiza kumachitikira pamwamba, pamene pali disiki.

Kusiyana kumene kuli ndi ntchito ndi uku. Kawirikawiri bond imayang'ana chingwe chimene chalowa mwa iyo basi, pomwe multipath imayang'ana njira yonse. Tiyerekeze kuti chaduka ndi chingwe cha kutsidya, chochoka pa switch kupita ku seva yosungira data. Kagetsi ka pa khadi lanu kakuyakabe kobiriwira, ndipo bond yodalira `miimon=100` ikuona ngati zonse zili bwinobwino, ikungoponyabe mapaketi kumene sakufika. Multipath imazindikira, chifukwa imafunsa disiki yeniyeniyo pa njira iliyonse, ndipo njira yosayankha imaichotsa pa ntchito.

Choncho pa iSCSI sankhani multipath. Pa SMB 3 ilekeni Multichannel igwire ntchito yake. Bond isungireni NFS 3 ndi netiweki yoyendetsera ma seva.

Ndamanga makhadi awiri a 1 Gbps ndi LACP, koma kukopera fayilo kukuthera pa 110 MB pa sekondi. Ndalakwitsa pati?

Simunalakwitse, LACP imachita choncho. Siimagawa mapaketi a connection imodzi pa zingwe ziwiri, poopa kuti angafike atasemphana, wachiwiri patsogolo woyamba pambuyo, zomwe TCP imazitenga ngati mapaketi atayika n'kuchepetsa liwiro. Imawerengera nambala yotchedwa hash kuchokera ku ma adiresi, n'kupatsa connection iliyonse chingwe chimodzi. Chingwe cha 1 Gbps chimanyamula 125 MB pa sekondi powerengera papepala, ndipo mukachotsapo ma header mumatsala pafupi ndi nambala imene mukuionayo.

Pa Linux, `xmit_hash_policy` ikasiyidwa mmene imabwerera imakhala `layer2`, yoyang'ana ma adiresi a MAC okha. Seva imodzi yolankhula ndi NAS imodzi imagwera pa chingwe chomwechomwecho nthawi zonse, ngakhale itatsegula ma connection khumi. Mukasintha kukhala `layer3+4`, manambala a ma port a TCP amalowa m'chiwerengero ndipo ma connection amatha kumwazikana. Koma zimenezi zimalamulira mapaketi otuluka okha. Obwera kwa inu amasankhiridwa chingwe ndi switch, potengera hash yake.

Ena akamva izi amathamangira ku `balance-rr`, mode 0, yomwe imaponya paketi uku paketi uko. Ine sindingaiike kumene kukudutsa data ya ma disiki, chifukwa imabweretsa kusemphana komwe LACP ikukupewa kuja.

Makhadi awiriwo akhale pa subnet (gulu la ma adiresi a IP) imodzi kapena ziwiri?

Ngati wopanga seva yanu yosungira data sananene zina, ziwiri. Khadi loyamba likhale 10.10.1.11/24, lizilankhula ndi 10.10.1.100 kudzera mu switch A. Lachiwiri likhale 10.10.2.11/24, lizilankhula ndi 10.10.2.100 kudzera mu switch B. Mukatero routing table yokha imakakamiza session iliyonse kudutsa pa khadi lake, popanda kukonza china chilichonse.

Pa subnet imodzi pali msampha, makamaka pa Linux. Kernel imaona adiresi ya IP ngati ya kompyuta yonse, osati ya khadi limodzi. Ikafuna kutumiza paketi imatenga route yoyamba imene yapeza, ndipo funso la ARP (lofunsa khadi limene lili ndi adiresi ya IP yakuti) likabwera, khadi lililonse likhoza kuyankha m'malo mwa linzake. Mapeto ake, multipath imakuonetsani njira ziwiri zathanzi, koma zonse zikudutsa pa chingwe chimodzi. Mukazula chingwe chimenecho zonse zimagwa; mukazula chinacho palibe chimene chimasintha, ndipo munthu amasangalala kuti mayeso apambana pomwe wazula chingwe chimene sichimagwira ntchito kuyambira kale.

Ngati subnet imodzi ndi yosapeweka, mangirirani session iliyonse ku khadi lake. Pangani iface ndi `iscsiadm -m iface -I iface1 --op=new`, kenako ipatseni khadi ndi `--op=update -n iface.net_ifacename -v eth1`, n'kuchitanso chimodzimodzi kwa linalo. Mu sysctl ikani `arp_ignore=1`, `arp_announce=2` ndi `rp_filter=2` pa makhadi onse awiri.

Alipo makina omwe amafunadi subnet imodzi. Dell EqualLogic, mwachitsanzo, imapereka adiresi imodzi ya gulu lonse n'kumagawira yokha ma session ku ma port ake. Pa VMware ESXi, port binding (kumangirira session ku khadi lake) inapangidwira zoterezi: VMkernel port iliyonse ikhale ndi uplink (khadi lenileni) imodzi yokha pa Active, zotsalazo ziikidwe pa Unused, osati pa Standby. Ngati muli pa ma subnet awiri, port binding musaigwiritse ntchito.

Nanga gateway ndiike pa makhadi onse?

Musaike pa lililonse la makhadi a data. Seva ikhale ndi default gateway imodzi, pa khadi loyendetsera. Netiweki ya ma disiki ikhale pa VLAN yake (chigawo chapadera cha netiweki mkati mwa switch), yosadutsa pa router. Pa Windows chotsaninso chizindikiro cholola makhadiwa kulembetsa ma adiresi awo mu DNS, apo ayi makompyuta ena adzayamba kufunafuna seva yanu pa adiresi imene sangaifikire.

Ndalumikiza ma session awiri ndipo disiki ikuoneka kawiri. Ndichite format iti?

Musakhudze iliyonse. Mukalemba `lsblk` n'kuona `sdb` ndi `sdc` zofanana kukula, mukuona LUN imodzi, ndiko kuti disiki imodzi imene seva yosungira data yapereka, kudzera pa njira ziwiri. Kompyuta siinauzidwe kuti ndi chinthu chimodzi. Mukachita mount zonse ziwiri n'kuyamba kulembamo, kernel imasunga cache ziwiri zosadziwana za disiki yomweyo, ndipo filesystem imaonongeka mwakachetechete.

Pa Red Hat ndi abale ake yatsani multipath ndi `mpathconf --enable --with_multipathd y`. Pa Debian ndi Ubuntu ikani `multipath-tools`. Pulogalamuyi imafunsa disiki iliyonse WWID yake, nambala yomwe siisintha kaya mwadzera njira iti, ndipo ikapeza ziwiri zofanana imaziphatikiza. Kenako lembani `multipath -ll`. Pamwamba muona dzina monga `mpatha` ndi WWID yaitali, ndipo pansi pake mizere iwiri, wa `sdb` ndi wa `sdc`, uliwonse wothera ndi mawu akuti `active ready running`. Njira ikafa, mzere wake umasintha kukhala `failed faulty`. Mizere imeneyi muizolowere, chifukwa ndi imene mudzaiyang'ane tsiku la vuto.

Kuyambira pamenepo gwiritsani ntchito `/dev/mapper/mpatha` basi. Mu `/etc/fstab` onjezani `_netdev` kuti seva isayese mount netiweki isanadzuke.

Pa Windows zimayenda bwanji?

MPIO imapezeka pa Windows Server. Pa Windows 10 ndi 11 palibe. Ikani ndi `Install-WindowsFeature Multipath-IO`, kenako lembani `Enable-MSDSMAutomaticClaim -BusType iSCSI` kuti ma disiki a iSCSI azitengedwa ndi MPIO, n'kuyambitsanso seva. Pamene ambiri amaphonya ndi polumikiza. Kuchonga bokosi la Enable multi-path kokha sikukwana. Lowani mu Advanced musankhe nokha Initiator IP (adiresi ya khadi lanu) ndi Target portal IP (adiresi ya seva yosungira data) pa session iliyonse. Mukazisiya pa Default, Windows imasankha yokha, ndipo ma session onse awiri akhoza kutuluka pa khadi limodzi. Lamulo la `mpclaim -s -d` limaonetsa ma disiki amene MPIO yawatenga.

Session yachiwiri ikamakanidwa, yang'anani mbali ya NAS. Zina zimabwera zololeza session imodzi yokha pa target iliyonse mpaka mutatsegula nokha.

Popeza ma session ambiri ndi ololedwa, ma seva awiri angagwiritse ntchito LUN imodzi?

Pokhapokha filesystem yake ikhale yopangidwira zimenezo, monga VMFS, GFS2, OCFS2 kapena Cluster Shared Volumes ya Windows. NTFS wamba, ext4 ndi XFS zimakhulupirira kuti mwini disiki ndi mmodzi. Mukapatsa ma seva awiri, aliyense amalemba pamwamba pa mnzake.

Njira imodzi ikunyamula zonse, inayo ili phee. Yawonongeka?

Mwina ayi. Makina ambiri a ma controller awiri amagwiritsa ntchito ALUA: LUN iliyonse ili ndi controller yomwe ndi mwini wake, ndipo njira zopita kumeneko zimalengezedwa kuti ndi active/optimized, pomwe zodzera ku controller inayo ndi active/non-optimized. Zachiwirizi zimagwira, koma data imazungulira mkati mwa makinawo isanafike. Multipath ikakhala pa `group_by_prio` imaika njira zabwinozo m'gulu loyamba n'kusunga zinazo kuti zidikire. Mukakakamiza `multibus` pa makina otere kuti zingwe zonse zizithwanima, liwiro likhoza kutsika.

Kuti zingwe zonse zizigwira ntchito nthawi imodzi, controller iliyonse ikhale ndi port pa subnet iliyonse. Mukatero mumakhala ndi njira zinayi pa LUN imodzi, ziwiri zabwino ndi ziwiri zodikira.

Pa ESXi palinso china. Round Robin imatumiza ma I/O (mapempho owerenga kapena kulemba pa disiki) 1000 pa njira imodzi isanasamukire pa ina. Opanga makina ambiri amalangiza kutsitsa nambalayi kufika pa 1, koma onani malangizo a makina anu musanasinthe.

Chingwe chikaduka, papita nthawi yaitali bwanji njira ina isanatenge ntchito?

Funso ili ndi lofunika kuposa mmene anthu amaliganizira. Database yomwe yadikira disiki kwa mphindi ziwiri ikhoza kugwa kale ngakhale njira yachiwiri ili bwino.

Pa open-iscsi, pulogalamu ya iSCSI ya pa Linux, pali manambala atatu. Initiator, mbali ya seva yanu, imatumiza NOP-Out, uthenga wofunsa ngati kutsidya kuli moyo, masekondi 5 aliwonse n'kudikira yankho masekondi ena 5. Ikalephera, imayamba kuwerenga `replacement_timeout`, yomwe imabwera ili pa masekondi 120, isanabweze ma I/O ku multipath kuti ayesedwe pa njira ina. Nambala ya 120 ndi yabwino kwa amene ali ndi njira imodzi, chifukwa alibe kothawira, koma kwa inu ndi yaitali kwambiri. Multipath-tools za masiku ano zimailemba pamwamba pogwiritsa ntchito `fast_io_fail_tmo`, yomwe kawirikawiri ndi masekondi 5. Musangokhulupirira zimenezo; werengani `recovery_tmo` mu `/sys/class/iscsi_session/` muone nambala imene ikugwiradi ntchito.

Kenako pali `no_path_retry`, yonena chochita njira zonse zikafa. Mukaika `fail`, zolakwika zimafika ku filesystem nthawi yomweyo ndipo ikhoza kusanduka yongowerenga. Mukaika `queue`, ma I/O amadikira mpaka kalekale, ndipo mapulogalamu amauma moti ngakhale `kill -9` siiwasuntha. Nambala ya pakati, monga 12, ikachulukitsidwa ndi `polling_interval` ya masekondi 5 imapereka pafupifupi mphindi imodzi, yomwe nthawi zambiri imakwana kuti controller ina itenge ntchito.

Ku mbali ya switch, ma port opita ku ma seva akhale edge port, omwe pa Cisco amatchedwa PortFast. Popanda zimenezi, Spanning Tree yakale, njira imene ma switch amapewera loop, imagwira port masekondi 30 chingwe chikabwerera, 15 kumvetsera ndi 15 kuphunzira. Ogwiritsa ntchito LACP adziwe kuti `lacp_rate` ya slow imatumiza uthenga masekondi 30 aliwonse n'kutaya mtima pakatha 90, pomwe fast imatumiza sekondi iliyonse n'kutaya mtima pakatha 3.

Ma switch awiriwo ndiwalumikize?

Ngati muli pa multipath ya ma subnet awiri, palibe chifukwa, ndipo kuwasiya osadziwana kuli ndi ubwino wake: loop kapena cholakwika cha pa switch A sichiwolokera ku B.

LACP yogawika pa ma switch awiri ndi nkhani ina. Iwo ayenera kudzionetsa ngati switch imodzi, kudzera mu stack kapena MLAG, yomwe pa Cisco Nexus ndi vPC. Chenjerani ndi stack: ambiri amayendetsedwa ndi ubongo umodzi, ndipo posintha firmware amayambiranso onse pamodzi. Ngati ma switch anu alibe zonsezi, `active-backup`, mode 1, siifuna kukonza kulikonse pa switch, kungoti VLAN yomweyo ifike pa onse awiri. Khadi limodzi limagwira, linalo limadikira. Liwiro siliwonjezeka, koma ndi njira yosavuta kuimvetsa ndipo siikonda kudabwitsa munthu.

Jumbo frames (mapaketi aakulu kuposa wamba) ndi zofunika?

Sizofunika kuti njira ziwiri zigwire ntchito. Zimachepetsako ntchito ya CPU pa 10 Gbps kupita m'mwamba, koma MTU (malire a kukula kwa paketi) ya 9000 iyenera kufanana paliponse: khadi, vSwitch ngati ilipo, switch, ndi port ya kutsidya. Vuto lake ndi lakuti pamodzi pakaiwalika, ping wamba amadutsa, login ya iSCSI imatheka, disiki imaoneka, kenako zonse zimaima mukangoyamba kukopera chinthu chachikulu. Choipa kwambiri ndi pamene poiwalikapo pali pa njira yodikira, chifukwa mumadzazindikira yoyamba itafa kale.

Yesani njira iliyonse payokha ndi paketi ya mabayiti 8972 yoletsedwa kudulidwa: `ping -M do -s 8972` pa Linux, `ping -f -l 8972` pa Windows, `vmkping -d -s 8972` pa ESXi. Nambalayi ndi 9000 kuchotsapo mabayiti 20 a IP ndi 8 a ICMP.

Ine ndimagwiritsa ntchito SMB kapena NFS. Zonsezi zikundikhudza?

Za makhadi, ma switch ndi magetsi zikukukhudzani mofanana, koma kuphatikiza njira kumachitika mosiyana. SMB Multichannel inabwera ndi SMB 3.0 mu Windows Server 2012 ndi Windows 8. Kompyuta ikalumikiza, imafunsa seva makhadi amene ili nawo n'kutsegula yokha ma connection pa onse oyenera, ndipo fayilo imodzi imatha kuyenda pa zingwe ziwiri nthawi imodzi, chinthu chomwe LACP siingachite. Imakonda makhadi ofanana liwiro. Mukasakaniza la 10 Gbps ndi la 1 Gbps, imagwiritsa ntchito lothamangalo, linalo n'kukhala lodikira. `Get-SmbMultichannelConnection` imaonetsa zimene zikuchitika. Pa Samba, Multichannel imabwera yoyatsidwa kale kuyambira pa 4.15.

NFS 3 ilibe njira yakeyake yotere, ndiye imadalira bond. `nconnect`, yomwe inalowa mu Linux 5.3 mu 2019, imatsegula ma connection a TCP mpaka 16 kupita ku adiresi imodzi. Pamwamba pa LACP ya `layer3+4` imathandiza kudzaza zingwe zonse, koma payokha siiteteza kalikonse. NFS 4.1 ili ndi session trunking, ndipo ESXi imaidziwa kuyambira pa 6.0, malinga seva ya kutsidya ikhale kuti nayonso imaidziwa.

Ndiyese bwanji kuti zikugwiradi ntchito?

Ndi manja, pamene data ikuyenda, ndiponso seva isanayambe kudaliridwa. Yambitsani `fio`, pulogalamu yoyesera ma disiki, kapena kukopera fayilo yaikulu, tsegulani `watch multipath -ll` pa windo lina, kenako pitani kuseri kwa rack mukazule chingwe choyamba. Muona liwiro likugwa kwa masekondi ochepa, mzere wa `sdb` ukusanduka `failed faulty`, kenako manambala akukweranso. Werengani masekondiwo muwalembe. Bwezerani chingwecho, dikirani mpaka mzere wake ubwerere pa `active ready`, ndipo pokhapo muzule chachiwiri. Wofulumira kuzula chachiwiri choyamba chisanabwerere amadzigwetsera yekha disiki.

Musaimire pa zingwe za pafupi. Zulaninso cha kutsidya, cha pakati pa switch ndi seva yosungira data, chifukwa ndi chimene chimayesa manambala a timeout aja. Zimitsani switch yonse. Yambitsaninso controller imodzi. Pomaliza yambitsaninso seva yanu muone ngati ma session onse awiri abwerera okha; pa open-iscsi zimenezi zimadalira `node.startup = automatic`, ndipo pa Windows session iliyonse iyenera kupezeka pa Favorite Targets ndi ma adiresi ake oyenera.

Njira imodzi ikafa usiku, ndidziwa bwanji?

Simudziwa pokhapokha mutaika chokuuzani, chifukwa ogwiritsa ntchito saona kusintha kulikonse ndipo palibe amene adzakuimbireni. Pulogalamu yanu yoyang'anira ma seva iwerenge kuchuluka kwa njira, osati kungoona ngati disiki ilipo. Pa Linux, `multipathd show paths` imapereka mzere umodzi pa njira iliyonse, ndipo kwa ogwiritsa ntchito bond, `/proc/net/bonding/bond0` imaonetsa MII Status ndi Link Failure Count ya khadi lililonse. Pa Windows zochitika za MPIO zimalembedwa mu System log. Ikani chenjezo loti lilire njira zikachepera pa nambala imene munayamba nayo, komanso Link Failure Count ikamakwera pang'onopang'ono, chomwe kawirikawiri chimaloza ku chingwe kapena transceiver imene yayamba kutha.